Phala likatha, sukulu nayo imatseka

Mwezi wa February ndinapita kumudzi kwathu, kufupi ndi Nsaru, kukaona amayi. Mmawa wa Lachiwiri ndinadutsa pa sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu ndikuyembekeza kumva phokoso la ana. Ndinapeza mbuzi zitagona pakhonde. Azakhali anga, amene ndi mlezi pamenepo, ndinakawapeza m'munda wa munthu akuthyola fodya, pa ganyu.

"Azakhali, kodi lero kulibe sukulu?"

"Mwana wanga, ufa unatha sabata yatha. Ana akabwera, ndiwauze chiyani? Nanga kunyumba kwangako tidya chiyani?"

Azakhaliwo akhala akulera ana a m'mudzimo kwa zaka zambiri popanda malipiro. Makolo amasonkha chimanga, soya kapena mtedza, amayi amasinthana kuphika, ndipo ana a zaka 3 mpaka 5 amaimba, kuwerenga ndi timiyala, kusewera, kenako n'kumwa phala. Zimayenda bwino kuyambira May, anthu atakolola. Ikafika January nkhokwe zagwa, kusonkha kumaima, ndiye sukulu imatseka pa nthawi imene mwana akufunikira kapu ya phalayo kuposa miyezi ina yonse.

Anzanga ena kuno ku koleji amaseka dzina lakuti mkombaphala, eti ndi malo ongodyera. Ine ndimaona kuti dzinali limanena zoona kuposa mawu a m'mabuku a boma akuti mmera mpoyamba. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'dziko muno ndi opinimbira. Kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha, kumakhudzanso ubongo, ndipo zimene zawonongeka pa zaka zoyambirirazi n'zovuta kuzikonza mwana atakula. Mwana wanjala sangagwire nyimbo, ngakhale ya zilembo. Choncho kwa ine phala ndi mbali ya phunziro lenilenilo. Ndipotu Likuni Phala, amene dziko lonse limamudziwa, anatenga dzina lake ku Likuni, m'boma lathu lomweli la Lilongwe. Soya ndi chimanga zopangira phala lotere timalima tokha ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, n'kugulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira mu May, kenako ana athu n'kusowa phala mu February.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya alezi. Dziko lathu lili ndi ndondomeko ya mmera mpoyamba kuyambira 2003, ndipo inaunikidwanso mu 2017. Ntchitoyi ili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu. Papepala zonse zilipo. Koma maziko onsewa aima pa msana wa amayi ongodzipereka, ambiri a iwo osauka ngati makolo a ana amene akuwalera. Boma linayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena, n'zoona, koma ochuluka sanaonepo kalikonse. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ngakhale ochepa. Amene anamuphunzitsa mwana yemweyo kugwira pensulo chaka chatha timangomuuza kuti Mulungu akudalitseni. Mlezi akapeza ganyu amapita, ndipo sindingamuimbe mlandu. Akaphunzitsidwa ndi bungwe kwa masabata angapo n'kupeza ntchito ku nazale yolipira m'tauni, mudzi umayambiranso pa ziro.

Ndinayamba kuiganizira mozama nkhaniyi nditafika chaka choyamba kuno. M'kalasi mwathu muli anzanga amene anayamba nazale ku Area 47 ali ndi zaka 3, mabuku a zithunzi ali m'manja. Ine buku langa loyamba ndinaligwira ndili ndi zaka 7, m'kalasi ya ana osawerengeka titakhala pansi. Timakonda kunena kuti mayeso a Sitandade 8 ndi a MSCE ndiwo amasankha anzeru. Koma mpikisanowu ena anauyamba zaka zitatu kapena zinayi ife tisanafike pa mzere. Mwa anzanga amene tinayamba nawo Sitandade 1, angapo anabwereza kalasiyo kawiri n'kusiya, ndipo sanali opusa kuposa ine. Pulayimale yaulere ya 1994 inatsegula chitseko, koma sinafunse kuti mwana akulowa ali wotani.

Katswiri wa zachuma wa ku America, James Heckman, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000, anaunika zotsatira za sukulu ya ana osauka ya Perry ku Michigan, ya m'zaka za m'ma 1960. Anapeza kuti ndalama yoikidwa pa mwana wamng'ono imabweza zambiri kuposa yoyesa kukonza zinthu mochedwa. Agogo anga sanamumvepo Heckman, koma ankadziwa kuti nazale ya fodya ikalephera, munda wonse walephera.

Ndikudziwa zimene ena anganene: boma lilibe ndalama, pulayimale yomweyo ikusowa makalasi, ndipo sukulu za mkombaphala ndi za anthu eniake, azizisamala okha. Mfundo yomalizayi imamveka bwino pa msonkhano wa ku hotela. Kumudzi imatanthauza kuti mudzi wosauka kwambiri ndiwo ukhale ndi sukulu yofooka kwambiri. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, n'kubwera chilala cha 2024, ndani anali ndi chidebe cha chimanga chopatsa komiti? Za ndalamazo, sindikupempha nyumba zosanja. Ndikupempha kuti mlezi aliyense wolembetsedwa azilandira kanthu kodziwika mwezi uliwonse, ndi kuti ufa wa miyezi ya njala, December mpaka March, ugulidwe nthawi yokolola, mitengo ili pansi. Ndalama za CDF zimamanga milatho imene timaiona pa zikwangwani, koma sindinamvepo phungu akudzitama kuti wadyetsa ana a zaka 4.

Palinso Mtukula Pakhomo, amene anayambira kwa anansi athu ku Mchinji mu 2006. Muli kale ndalama yowonjezera ya ana a ku pulayimale ndi ku sekondale. Agogo amene akulera mdzukulu wa zaka 4 bwanji osawaganizira chimodzimodzi akamamutumiza ku mkombaphala? Ndipo alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale m'midzi ndi sikelo, atamapimira ana pa sukulu yomweyo, mwana woyamba kunyentchera angaoneke msanga, asanafike pogonekedwa ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku chipatala cha Kabudula.

Ndisanabwerere ku koleji tinakhala pansi ndi anyamata anayi a m'mudzimo amene tinafika Fomu 4. A mfumu avomera kutibwereka kamunda, ndipo tagwirizana kudzala soya ndi chimanga cha sukuluyo dzinja likubwerali, mbewu tisonkherana. Azakhali atamva anaseka, n'kundifunsa kuti pa tsiku lopalira ndidzakhala ndili kuti.