MAKINA OPONYERA VOTI KU AMEREKA: KODI LAMULO LITETEZA WOULULA CHINYENGO?

Chisankho cha Pulezidenti wa Amereka m'chaka cha 2000 chinathera ku Bwalo Lalikulu la milandu, pakuti m'chigawo cha Florida mapepala oboola oponyera voti anabvuta kuwerenga. Pofuna kuthetsa bvutolo, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inapanga lamulo m'chaka cha 2002 lopatsa zigawo ndalama zogulira makina atsopano. Koma makinawo anadza ndi funso lao: munthu akangokhudza galasi, voti yake nkulowa m'kompyuta osasiya pepala, adziwa ndani kuti yawerengedwa bwino? Kawirikawiri odziwa ndi anchito a m'kampani ndi a m'maofesi a zisankho okha. Motero nkhani ya makina siilekana ndi ya chitetezo cha anthu oulula chinyengo.

MLANDU WA KU CALIFORNIA

Chakumapeto kwa 2003 akulu a zisankho ku California anapeza kuti kampani ya Diebold inaika m'makina ake, m'maboma ang'ono 17, mapulogalamu amene Boma linali lisanawabvomereze. Pa chisankho chachipulula cha March 2004 malo ambiri oponyera voti ku San Diego anachedwa kutsegulidwa chifukwa zipangizo zinakana kugwira nchito. Mu April chaka chomwecho Bambo Kevin Shelley, woyang'anira zisankho m'chigawocho, analetsa mtundu umodzi wa makinawo.

Nthawiyo nkuti nzika ziwiri, imodzi mwa izo Mai Bev Harris, zitasumira kale kampaniyo mu 2003. Izo zinatsamira lamulo la California lotengera lina lakale la dziko lonse, limene linapangidwa mu 1863, m'masiku a Abraham Lincoln, pamene amalonda anali kugulitsa katundu woonongeka kwa asilikali pa nkhondo yapachiweniweni. Lamulo la dziko lonselo lilola munthu wamba kusuma m'malo mwa Boma, ndipo akapambana alandira madola apakati pa 15 ndi 30 pa madola 100 alionse obwezedwa. Kuyambira 1986 liletsanso bwana kuchotsa nchito wosumayo. Mu September 2004 Bambo Bill Lockyer, mkulu wa za malamulo m'Boma la California, analowa m'mlanduwo, ndipo chaka chisanathe Diebold inabvomera kulipira madola 2.6 miliyoni.

MLEMBI WAGANYU

Pa nkhani yomweyo panali munthu wina amene lamulo silinamfungatire. Iyeyu anali mlembi waganyu mu ofesi ya maloya a Diebold mu mzinda wa Los Angeles. Ataona makalata osonyeza kuti maloyawo anali kuchenjeza kampani za kuswa malamulo a zisankho, anawatulutsa, ndipo nyuzipepala ya Oakland Tribune inawafalitsa mu April 2004. Mu 2006 anazengedwa mlandu, nabvomera kuti analowa m'kompyuta popanda chilolezo. Bwalo linamlamula kulipira madola 10,000 ndi kukhala pansi pa uyang'aniro wake zaka zitatu.

Kusiyana kwa anthuwa kunagona pa khomo limene analowera. Oyambawo anapita ku bwalo la milandu, kumene lamulo linawatsegulira njira. Mlembi uja anatenga makalata a pakati pa loya ndi womlemba nchito, amene lamulo liwasunga mwachinsinsi, nawapereka kunja. Zimene anaulula zinali zoona, koma choonacho sichinafafanize mlandu wake.

MBALI INA YA NKHANI

Tsono si aliyense wodzitcha woulula chinyengo amene anena zoona. Chitatha chisankho cha 2020 kunafala mphekesera yakuti makina a kampani ya Dominion anabera mavoti. Ku Georgia mapepala onse anawerengedwanso ndi manja, ndipo wopambana sanasinthe. Dominion inasumira wailesi ya kanema ya Fox News chifukwa choipitsa mbiri yake, ndipo mu April 2023 Fox inabvomera kulipira madola 787.5 miliyoni. Ku Colorado, Mai Tina Peters, mlembi wa zisankho wa boma laling'ono la Mesa, analola munthu wakunja kukopera zam'kati mwa makina mu 2021, ndipo mu October 2024 bwalo linawagamula zaka 9 m'ndende.

CHIMENE MILANDUYI IPHUNZITSA

Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Boma limene lilanga wanchito wolichenjeza lidzakhala lotsiriza kumva kuti zinthu zaonongeka. Komabe ofesi ya zisankho siingayende ngati mlembi aliyense atsegula makina pa kukaika kwake kokha. Chofunika ndicho khomo lodziwika, kumene wanchito wa Boma kapena waganyu angapereke umboni osaopa kutaya nchito kapena kumangidwa, ndiponso kumene umboniwo uyesedwa usanafike kwa anthu.

Mankhwala ena ali m'makina mwenimwenimo. California inalamula kuti pofika 2006 makina alionse azitulutsa pepala limene woponya voti aliona ndi maso ake. Mu 2009 Bwalo loona za malamulo aakulu a dziko la Germany linagamula kuti makina amene anagwira nchito pa chisankho cha 2005 sanayenere, popeza munthu wamba, wosaphunzira za kompyuta, analibe njira yotsimikizira kawerengedwe kake. Pamene pali pepala loti liwerengedwenso poyera, chisankho sichidalira kulimba mtima kwa mlembi mmodzi, ndiponso mphekesera siichedwa kutsutsidwa.