Pulani ya Ntcheu isaiwale madambo ndi zomera zake zodya tizilombo

Nyengo yodzala mitengo ikafika, akuluakulu amatiwerengera mbande zomwe zalowa m'nthaka, ife n'kumaomba m'manja. Koma ikakhala nkhani ya madambo, kuli zii. Madambo a m'mapiri a Kirk Range, kuyambira ku Lizulu mpaka ku Tsangano, akutha ndi khasu, ngalande ndi maenje oumbira njerwa. Malo otere ndiwo kwawo kwa zomera zodya tizilombo, zimene ambirife timaziponda osaziona. Khonsolo ya boma la Ntcheu iyenera kulemba mitu ya madambowa pa mapu ndi kuiteteza ndi lamulo, monga imachitira ndi nkhalango.

Zomerazi si nthano ya kunja. M'dziko muno muli mitundu ya Drosera, Utricularia ndi Genlisea, ndipo akatswiri anaipeza kalekale m'malo onyowa a ku Zomba, Mulanje ndi Nyika. Drosera ndi kachomera kofiirira kokhala ndi tiubweya pamasamba, ndipo pansonga pa kaubweya kalikonse pali kadontho komata. Kantchentche kakaterapo kamakanirira, tiubweya tija n'kupindikira mkati mpaka chakudyacho chitagayika. Utricularia ili ndi timatumba tobisika m'madzi kapena m'matope, timene timayamwa kachilombo mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Genlisea imatchera misampha yake pansi pa nthaka. Charles Darwin anachita nazo chidwi zomera zotere mpaka anazilembera buku lathunthu mu 1875.

Zimadyeranji tizilombo? Chifukwa zimamera pa nthaka yonyowa chaka chonse koma yosauka, yopanda chakudya chokwanira cha zomera. Chimene nthaka yazimana zimachipeza m'matupi a tizilombo. Apa ndiye pagona nkhani. Mlimi akakumba ngalande kuti madzi atsike, zomerazi zimauma. Feteleza wa m'dimba akakokolokeramo, udzu wautali umakula n'kuziphimba. Zikasowa pamalo pomwe zinali, dziwani kuti kasupe wa pamenepo wayamba kudwala, ngakhale madzi akuonekabe.

Ndikudziwa yankho la ena: "Anthu ali ndi njala, inu mukudandaula tiudzu." Mlimi wa ku Tsangano amene amalipira fizi ya ana ndi mbatata ya kachewere ndi kabichi sindikumuloza chala. Dimba ndilo limadyetsa banja mvula ikavuta, ndipo msika wa Lizulu sungayende popanda madimba. Koma dimbalo limamwa kuti? Dambo limasunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala. Wolima pamutu penipeni pa dambo amakolola bwino zaka zingapo, kenako amaumitsa madimba a anzake onse akumunsi, ndi lake lomwe.

Anthu a ku Ntcheu ndi Balaka safunika kuuzidwa ndi munthu za zimenezi. Mu 2018 damu la Mpira linaphwa, mipopi n'kuuma m'midzi yambirimbiri. Aliyense analankhula za mitengo yomwe inatha m'nkhalango ya Mvai, ndipo n'zoona. Koma mtsinje suyambira pa mtengo pokha. Umayambiranso m'zithaphwi ndi m'madambo a udzu, malo amene mapulani athu amawaona ngati nthaka yongokhala. Choipitsitsa n'chakuti ena, ndi mtima wabwino, amadzala bulugamu m'dambo n'kumati akusamala chilengedwe, chikhalirecho bulugamu amamwa madzi kwambiri ndipo mthunzi wake umapha zomera zokonda dzuwa.

Malamulo sitikusowa. Tili ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linabweretsa bungwe la MEPA, komanso lamulo la za madzi la 2013. Mu Disembala 2022, ku Montreal, maiko anagwirizana zoteteza magawo 30 pa 100 alionse a nthaka ndi madzi pofika 2030, ndipo Malawi ali m'pangano limenelo. Nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh zili kale pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Zonsezi n'zabwino, koma maso athu ali pa madambo akuluakulu okha. Timadambo ta m'mapiri, tomwe ndi gwero la Rivirivi ndi Livulezi, tilibe wotilankhulira.

Ntchito yake si yofuna ndalama zankhaninkhani. Khonsolo iitane akatswiri a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba kuti ayende m'madambo a Ntcheu pamodzi ndi anthu a m'midzi, alembe zomera zimene zilimo ndi malo ake. Zimene apezezo zilowe m'pulani ya chitukuko ya boma, zisakathere m'kabati. Mafumu ndi makomiti a m'midzi oona zachilengedwe agwirizane malire: pamutu pa dambo pasalowe khasu, feteleza, bulugamu kapena chikombole cha njerwa, pomwe kumunsi anthu alime madimba awo mwaufulu. Kumweta udzu wofolera ndi kudyetsa ng'ombe mosapyola muyeso kupitirire, pakuti kumathandiza kuti tchire lisaphimbe zomera zing'onozing'ono. Amene ataye gawo la munda athandizidwe ndi njira ina yopezera ndalama, apo ayi pangano silikhalitsa.

Pulaniyo isathere pa malire a dziko. Msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwa Mozambique, ndipo phiri lomwelo limagawa madzi, ena kubwera kwathu, ena kupita ku Angónia ndi ku Tsangano wa m'chigawo cha Tete. Anthu a mbali zonsezi ndi Angoni amodzi, amakwatirana, amagulitsana pa misika imodzi. Ngati amakumana pa maliro ndi pa mwambo wa Umhlangano, angalephere bwanji kukumana pa nkhani ya akasupe?

Makhansala ndi aphungu a Ntcheu, pulani yotsatira ikamakambidwa, funsani kuti mapu a madambo ali pa tsamba liti. Ngati mulibe, musaivomereze.