WOPIKISANA ASAGWIRE BOKOSI



Cisankho ca komiti cayandikira, ndipo m'midzi muli kuyenda mau akuti munthu wofuna kuti mavoti awerengedwe ndi anthu apadera ali kunyoza atsogoleri. Mau amenewa tiwakana poyera. Ife titi: wopikisana pa mpando asalembe mapepala a voti, asasunge bokosi, asawerenge. Tonse tidziwa cimene cicitika pa msika wogula mtedza akagwira yekha sikelo nalemba yekha m'buku. Kodi voti yanu icepa kuposa thumba la mtedza?

Tamvani zimene zinaoneka ku Mangalande, m'mabungwe a anchito, amene ali ngati ife posonkha ndarama ndi posankha atsogoleri ao. Mu 1959 bungwe la anchito a magetsi, Electrical Trades Union, linasankha mlembi wamkulu. Opikisana anali Frank Haxell, amene anali kale pa mpandowo, ndi John Byrne. Ofesi ya Haxell yomweyo ndiyo inalandira mavoti. Inataya mavoti a nthambi zoposa 100, ati anafika mocedwa, ndipo pafupifupi nthambi zonsezo zinali zitasankha Byrne. Haxell analengezedwa wopambana. Mlandu unapita ku khoti lalikuru ku London, ndipo mu 1961 woweruza Winn anagamula kuti panali cinyengo, napereka mpando kwa Byrne. Caka comweco msonkhano waukuru wa mabungwe onse, TUC, unacotsa bungwelo. Onani manyazi ace! Amene anaba mavotiwo sanali mabwana a kampani ai, anali atsogoleri odyera mbale imodzi ndi anchito. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Patapita zaka, Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inamanga njira. Lamulo la 1984 linati atsogoleri a bungwe azisankhidwa mwacinsinsi zaka 5 ziri zonse, ndi kuti sitaraka isayambe anthu asanaponye voti. La 1988 linati cisankho ca atsogoleri cicitike pa positi, ndipo pakhale woyang'anira wapadera. La 1993 linafikitsa njirayi pa voti ya sitaraka, ngati oponya aposa 50.

Woyang'anirayo ndani, ndipo acita ciani? Sali wa bungwe, sali wa kampani. Akhala loya, kapena wowerengera mabuku a ndarama, kapena kabungwe kobvomerezedwa kugwira nchito imeneyi. Dzina lace lilembedwa pa pepala la voti kuti ali yense amdziwe. Pepala liri lonse liri ndi nambala yace. Lipita ku nyumba ya membala, iye acongako ali yekha, nalibweza pa positi. Pa cisankho ca atsogoleri woyang'anira ali ndi mphamvu yoona buku la maina, kuti akufa ndi osiya asaponye nao. Potsiriza alemba lipoti lonena mavoti amene anabwera, abwino angati, oonongeka angati, ndiponso ngati iye wakhutira kuti zayenda bwino. Mapepalawo awasunga caka cathunthu, ndipo membala wodandaula ali ndi kopita, kwa mkulu wochedwa Certification Officer kapena ku khoti.

Tsono otsutsa anena kuti: "Malamulo amenewo anapanga ndi boma la Mai Thatcher ndi omtsata, pofuna kuthyola mabungwe." Sitikana. Analidi ndi colinga cimeneco, ndipo anaikamo misampha. Mu 2016 anaonjeza kuti theka la mamembala liponye voti, apo ai sitaraka njosaloledwa. Mu 2019 anchito a positi a Royal Mail anabvomera sitaraka, 97 pa 100 ali onse oponya, koma khoti linailetsa cifukwa ena analimbikitsidwa kutsegula makalata ao a voti pa nchito pomwepo ndi kuconga anzao ali kuona. Misampha yotere ife sitiipempha. Koma tifunse: kodi sikelo yoona isanduka yabodza cifukwa waibweretsa ndi mdani? Ndipo ndani anapatsa adaniwo cifukwa? Si atsogoleri onga aja a 1959? Bungwe losasesa lokha m'nyumba mwace lidzaseseredwa ndi alendo, ndipo mlendo posesa aturutsa ndi mphika womwe.

Ena ati: "Kodi simutikhulupirira?" Yankho lathu nali. Mtsogoleri woona mtima ndiye apindula koposa. Akapambana pa mavoti owerengedwa ndi wapadera, wogonja asowa ponena, ndipo nthambi ikhala imodzi. Akapambana pa mavoti owerenga yekha, ngakhale sanabe ndi imodzi yomwe, miseche idzamtsata kufikira ku dimba. Dziko lathu lomwe liri mboni. Mapepala a zotsatira za cisankho ca pulezidenti ca 2019 anapakidwa tipeksi, anthu anadzaza miseu miyezi yambiri, ndipo pa 3 February 2020 khoti linafafaniza cisankhoco. Ngati dziko lonse linagwedezeka cotero, nanga kanthambi ka midzi yowerengeka kadzapirira bwanji?

Enanso ati: "Kukweza manja nkwacangu, ndipo sikudya ndarama." Inde nkwacangu. Koma mkamwini adzakweza bwanji dzanja kutsutsa apongozi ace ali pomwepo? Wobwereka munda adzatsutsa bwanji mwini munda? Mai wamasiye adzaima bwanji pamaso pa a mfumu? Dzanja lokwezedwa ndi mantha si voti ai.

Ife tiribe positi yofika khomo liri lonse, tiribe ndarama zolipira loya. Koma mutu wa nkhani tingathe kuutenga. Cifukwa cace tipempha msonkhano ulinkudza kuti ubvomere izi:

1. Owerenga mavoti akhale anthu 3 ocokera kunja kwa nthambi yathu, opanda cibale ndi wopikisana ali yense, ndipo maina ao alengezedwe masabata 2 cisankho cisanafike.

2. Buku la mamembala liwerengedwe mokweza tsiku lisanafike, kuti wosiyidwa adandaule nthawi ikalipo.

3. Mapepala awerengedwe asanagawidwe, ndipo otsala awerengedwenso pamapeto.

4. Munthu aconge ali yekha. Wosadziwa kulemba asankhe yekha womthandiza, koma asakhale wa komiti.

5. Bokosi litsegulidwe pa bwalo dzuwa lisanalowe, wopikisana ali yense ataika mboni yace.

6. Owerengawo alembe zotsatira, asaine, nasunge mapepala caka cimodzi.

7. Njira yomweyi itsatidwe pamene tifuna kupangana zokana kugulitsa mbeu zathu pa mtengo woipa, pakuti njala ya masiku amenewo idzagwa pa banja liri lonse, ndipo banja liri lonse liyenera kunena mau ace mopanda mantha.

Lamuloli liyambe ndi ife a komiti: wapampando, msungicuma ndi mlembi. Bokosi tisalikhudze. Amene akana izi aime pa msonkhano atiuze cimene aopa. Bwerani nonse, amuna ndi akazi, makadi anu ali m'manja.

Mlembi wa Nthambi