Masabata 8 ndi ochepa kwa mayi woyamwitsa

Ku sikelo anamwino sabisa mawu: mwana ayamwe mwakathithi kwa miyezi 6, osalawa madzi, tiyi kapena phala. Uphunguwu, womwe WHO ndi UNICEF amalimbikitsa, ndi woona. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira ngakhale pa kutentha kwa mu Okutobala, ndipo umateteza khanda ku matenda otsegula m'mimba ndi chibayo.

Komatu lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata 8 okha, kamodzi pa zaka zitatu. Bungwe la ILO limati masabata asachepere 14. Nanga miyezi inayi yotsalayo mwana ayamwa bwanji, mayi wake atalawirira minibasi ku Ndirande n'kubwerako dzuwa litalowa?

Timawauza kuti afinye mkaka asiyire wolera. Afinyira kuti? M'maofesi ndi m'mafakitale ambiri malo obisika ndi kuchimbudzi basi, ndipo palibe angakonzere mwana wake chakudya kumeneko. Akaufinya, pamafunika kapu yoyera ya chivindikiro ndi malo ozizira, pamene magetsi athu ndi aja tikuwadziwa. Mawere akapanda kuyamwidwa kapena kufinyidwa tsiku lonse amatupa, amapweteka, kenako mkaka umayamba kuchepa. Mayi amadziona wolephera, chonsecho chomulepheretsa ndi mmene ntchito yake inakonzedwera.

Kunyumba nako kuli nkhani. Khanda likalira kosatonthola, agogo amati, "Mwanayu ali ndi njala, mupatseni kaphala." Sanena mwa nkhanza ayi, n'chifundo. Vuto n'lakuti uphungu wa ku sikelo amaumva ndi mayi yekha, pamene wotsala ndi mwana masana onse ndi agogo kapena mtsikana wantchito. Abambo nawonso akanamapita nawo ku sikelo, akanatha kuikira akazi awo kumbuyo.

Mtima wanga umawawa kwambiri ndikaganiza za othyola tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, ndi antchito a m'nyumba ku Area 47. Wogulitsa tomato pamsika amabereka mwana kumbuyo n'kumuyamwitsa pamene walira, koma ambiri mwa othyola tiyi ndi antchito a m'nyumbawa amaopa ngakhale kupempha kamphindi, kuti mawa angapeze wina atalembedwa m'malo mwawo.

Kafukufuku wa MDHS anapeza kuti makanda oyamwa mwakathithi anatsika kuchoka pa 71 mwa 100 alionse mu 2010 kufika pa 61 mu 2015-16. Sabata yoyamba ya Ogasiti, dziko likamakumbukira kuyamwitsa, ndikufuna ndidzamve olemba ntchito akunena chipinda chimene apatula, ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo akukambirana zotalikitsa tchuthichi.