Mpando wa Kuseri kwa Nsanamira

Mwezi wathawu atsibweni anga, amene anabwera kuchokera ku Katete kudzachotsetsa ng'ala m'maso, ataona kuti nkhungu imene inawaphimba kwa zaka ziwiri yakanganuka ndipo ayambanso kuzindikira nkhope za adzukulu awo, anandipempha kuti ndipite nawo kumalo kumene munthu angakondwere ndi kupenya. Ndipo ine, pofuna kuchitira ulemu mwini mbumba, ndinawakweza minibasi kuno ku Chawama, tinatsikira m'tauni, n'kukalowa m'holo ina imene sindiitchula dzina, m'mene gulu la achinyamata linali kuonetsa sewero. Tinalipira K100 aliyense, ndiwo mtengo wa tikiti ya anthu wamba, ndipo tinafika kukadali ola lathunthu, pokumbukira kuti kugona pakati n'kuyambirira. Koma mwambi umenewu sunagwire ntchito tsiku limenelo. Mnyamata wa pakhomo anatilozera kuseri kwa chingwe chofiira, pakuti mizere ya kutsogolo, m'mene munali masofa ndi timatebulo, inali ya olemekezeka amene ambiri a iwo sanabwere n'komwe. Ndipo anthu atadzaza, atsibweni anapezeka atayang'anizana ndi nsanamira ya konkire, ine ndili kumbuyo kwa wojambula vidiyo ndi mulu wa masipika.

Sewero linali labwino, monga tinamvera kwa amene ankaseka. Nkhalamba ija inasuzumira kumanja, inasuzumira kumanzere, kenaka inangopinda manja n'kuweramitsa mutu ngati munthu womvetsera wailesi. Potuluka anandifunsa mofatsa kuti, "Kodi mphwanga, ndalama ija tinalipirira maso kapena makutu?"

Funso limeneli sindinaliyankhe, ndipo ndalibweretsa kuno kuti aliyankhe eni maholo ndi okonza zisudzo. Tikiti ndi pangano: iwe undipatsa ndalama, ine ndikuonetsa chinthu. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa ku Kanyama akabisa wowola pansi pa mulu, timabwerera naye ndi mkwiyo, ndipo amayi anzake a pamsikapo amamudzudzula. Wogulitsa ufa wa pamela akachepetsa muyeso, komboni yonse imadziwa dzuwa lisanalowe. Nanga munthu wovala jekete, amene wagulitsa mpando umene iye mwini akudziwa kuti wokhalapo sadzaona theka la nsanja, nalandira mtengo wathunthu osanena kanthu, timutcha dzina lanji? Malembo Oyera, amene amadana ndi sikelo yonyenga ndi miyeso iwiri m'thumba limodzi, sanapatule wogulitsa mipando. Chimene chimamuteteza n'chakuti katundu wake sagwirika ndi manja, ndipo wobedwayo alibe chowola choti abwerere nacho.

Atsibweni anandikumbutsa m'minibasi, ndi mawu ochepa, chinthu chimene ife a m'tauni tachiiwala. Kwathu gule amavinidwa pabwalo, ndipo bwalo ndi lozungulira. Ana amakhala pansi kutsogolo, amayi oimba amaima mbali yawo, akuluakulu ali pansi pa mtengo, ndipo palibe amene amaika msasa wake pakati pa anthu ndi ng'oma. Koposa apo, ndalama imatuluka pambuyo pa kupenya: wovina akavina mokoma, ndi pamene munthu amadzuka kukamusupa, ndipo akavina mwaulesi, ndalama imakhala m'thumba. Makolo athu, amene sanadziwe tikiti, anadziwa kuti diso ndilo liyenera kuweruza mtengo. Ife tatembenuza dongosolo limeneli, talipiriratu tisanaone. Ndipo popeza tavomera kukhulupirira wogulitsa chotere, mangawa ake a kunena zoona akula koposa.

Nkhani ya amene aloledwa kupenya ndi amene saloledwa si yachilendo mu mzinda uno. Lusaka Playhouse, imene ili pa Church Road, inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ngati nyumba ya azungu, m'masiku omwewo pamene munthu wakuda ankagulira nyama pa kazenera ka kumbali kwa butchala, kufikira anthu, motsogozedwa ndi chipani cha Harry Nkumbula, anakana kugula. Ufulu utabwera mu 1964, zitseko zinatseguka, koma mtima wa nyumba zoterezi unachedwa kusintha, ndipo chifukwa cha ichi aphunzitsi ndi ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia, pakati pawo Michael Etherton, anayambitsa Chikwakwa, namanga bwalo lawo la pamtetete, nayendayenda m'zigawo za dziko kuonetsa masewero m'zilankhulo za anthu. Dzinalo analisankha mwadala, pakuti chikwakwa ndi chida cha mmphawi chotchetchera udzu. Mu 1975 kunabadwa ZANTAA, bungwe la zisudzo la eni dziko, lotsutsana ndi bungwe lina limene linali m'manja mwa alendo; Kabwe Kasoma analemba Black Mamba, Masautso Phiri ndi anzake a Tikwiza anaonetsa za ku Soweto, ndipo pambuyo pake gulu la Kanyama Theatre linatuluka m'komboni momwemo n'kumadya za thukuta la sewero, likuyenda m'matauni ndi m'masukulu. Anthu onsewa anamenyera chinthu chimodzi, chakuti mwana wa m'komboni aone ndi maso ake; ndipo lero, pamene tiona anyamata a Circus Zambia ochokera ku Chibolya, kapena a Barefeet amene anayamba mu 2006 ndi ana a m'misewu, tidziwa kuti komboni sinaleke kubala osewera. Chimene chikutha ndi malo a amayi awo m'holo.

Pakuti kazenera kaja kabweranso, kokha kuti tsopano kali ndi dzina lachingerezi. Onani chikwangwani chilichonse cha sewero, cha anthabwala kapena cha oimba, chomatidwa pa mpanda ku Matero kapena chotumizidwa pa WhatsApp: pali Ordinary, pali VIP, ndipo popeza ulemu umodzi sunakwanire, pali VVIP. Sindidandaula kuti wolemera akhale pa sofa, pakuti msana ndi wake ndipo ndalama ndi zake. Chimene ndikana ndi malo amene sofayo yaikidwa. Nsanamira ya konkire ndingaikhululukire, popeza inaikidwa kuti isenze denga ndipo sidziwa munthu. Koma nsanamira za masiku ano zimamangidwa m'mawa wa tsiku la sewero, ndi manja a anthu odziwa chimene akuchita. M'holo ndi masofa a misana itali, operekera zakumwa oyendayenda, ndi makamera oimikidwa pakati pa anthu wamba kuti asatchinge apamwamba. Pabwalo la panja ndi matenti oyera okhomedwa patsogolo penipeni pa nsanja, kotero kuti khamu la ku George ndi ku Mtendere, limene ndilo ladzaza bwalo ndi kukometsa phwando ndi nthungululu zake, liima kutali likuyang'ana nsalu. Pamenepo wolemera sanagule mpando wokha. Wagula ndi maso a mnzake, ndipo mwini maso sanalandireko kanthu.

Mtumwi Yakobo anadzudzula msonkhano umene upatsa malo abwino munthu wa mphete yagolide ndi kuuza wosauka kuti aime uko, ndipo kalata yakeyo imawerengedwa m'matchalitchi omwewo amene ena mwa maholo awo timachita lendi Loweruka. Ndimakumbukiranso Zakeyu wa ku Yeriko, amene, ngakhale anali mkulu wa amisonkho ndi mwini chuma, anakwera mumkuyu kuti aone Mlendo wodutsa mumzindamo, chifukwa khamu linamutchinga. Akanakhala wa ku Lusaka sakanavutika ndi kukwera. Akanagula VVIP, mkuyu ukanadulidwa kuti pakhale tenti yake, ndipo khamu lonse likanamva za Mlendoyo pa sipika.

Okonza zisudzo adzandiyankha kuti sindidziwa mavuto awo, ndipo ndiyenera kuwamvera, pakuti mlandu sagamula womva mbali imodzi. Holo ndi ya lendi, zokuzira mawu ndi za lendi, ndipo m'nyengo za kuzimazima kwa magetsi, monga tinaonera mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, pafunikanso jenereta ndi mafuta ake. Wosewera amene wakonzekera miyezi iwiri ayenera kudya, ndipo kawirikawiri amabwerera kwawo ndi ndalama ya basi yokha. Adzanenanso kuti tebulo limodzi la VVIP ndilo limalipira holo, ndi kuti popanda ilo tikiti ya anthu wamba ikanakwera kawiri. Zonsezi ndivomera, ndipo sindipempha kuti sewero likhale laulere, pakuti wantchito ayenera malipiro ake. Koma mfundo imeneyi ikungotiuza chifukwa chake VVIP iyenera kukhalapo; sikutiuza chifukwa chake iyenera kutchinga, ndipo sikutiuza konse chifukwa chake mpando wa kuseri kwa nsanamira ugulidwa mtengo umodzi ndi mpando wa pakati. Ndiponso akawerenga ndalama zawo, awerengeko ndi zathu. Wa kumayadi amabwera pa galimoto yake. Wa ku Kalingalinga kapena ku Kanyama alipira minibasi kawiri, ndipo sewero lolembedwa 18:00 likayamba 20:00 chifukwa mlendo wolemekezeka wachedwa, potuluka apeza mabasi atha, nalipira takisi ndalama yoposa tikiti. Munthu amene wadzimana ndiwo za masiku angapo kuti abwere ndi mkazi wake ndiye walipira zambiri m'holo monsemo, tikayesa ndi muyeso uja unayesedwa nawo timakobiri tiwiri ta mkazi wamasiye.

Kuli mzinda kumene nkhani yomweyi inautsa chipolowe. Ku London, nyumba ya zisudzo ya Covent Garden itapsa mu 1808, inamangidwanso n'kutsegulidwa mu 1809. Koma mkulu wake, John Philip Kemble, anakweza mtengo wa malo a pansi kuchoka pa masheleni atatu ndi theka kufika pa masheleni anayi, anasandutsa malo ena a anthu onse kukhala tizipinda ta olemera, ndipo osauka anakankhidwira m'mwamba, m'timalo timene ankatiyerekeza ndi zisa za nkhunda, m'mene munthu ankangoona miyendo ya osewera. Anthu sanakhale kunyumba. Ankabwera usiku uliwonse ndi malipenga, mabelu ndi zikwangwani, akufuula kuti afuna mtengo wakale, kotero kuti mawu a osewera sanamveke kwa miyezi pafupifupi itatu, kufikira Kemble anapepesa poyera ndi kubwezera mtengo wa pansi pamene unali. Sindikuitana anthu a ku Chawama kuti abwere ndi mavuvuzela, ngakhale ndivomere kuti lingaliroli linandifikira usiku uja. Ndikungonena kuti lero m'nyumba za zisudzo za mumzinda umenewo, mpando wotchingidwa umalembedwa kuti ndi wotchingidwa munthu asanagule, ndipo kawirikawiri mtengo wake umatsika. Ndipo ku Globe, imene inatsegulidwa mu 1997 potsanzira nyumba ya m'masiku a Shakespeare, tikiti yotsika mtengo koposa ndi ya oimirira, amene malo awo ali patsogolo penipeni pa nsanja, pomwe angathe kutsamira ndi chigongono. Olemera amakhala mozungulira, chakumbuyo ndi m'mwamba, ndipo sindinamve kuti ulemu wawo unachepa.

Chotero chimene ndipempha si chachikulu. Wokonza sewero akhale yekha pa mpando uliwonse umene afuna kugulitsa, zitseko zisanatseguke. Pamene iye saona bwino, achotsepo mpandowo, kapena alembe pa tikiti m'chilankhulo chimene wogula amamva, natsitse mtengo. Matenti ndi masofa apite m'mbali, makamera akwere pamwamba, ndipo mipando ya olemekezeka ikakhala yopanda anthu sewero litayamba, chingwe chimasulidwe, pakuti wosewera aliyense adzakuuzani kuti kusewera pamaso pa masofa opanda anthu kumaziziritsa mtima. National Arts Council, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994 kuti iyang'anire zaluso, ingathe kuika zimenezi m'malangizo ake kwa okonza zisangalalo. Ndipo Competition and Consumer Protection Commission, imene lamulo la 2010 linaipatsa mphamvu yomva madandaulo a ogula, ili ndi khomo limene wogula tikiti angagogodepo monga agogodera wogula firiji yakufa.

Koma mlandu wina uli pa ife tomwe, ndipo ine ndine woyamba kupalamula. Ndinakhala maola awiri ndikuyang'ana msana wa wojambula, ndikuona nkhalamba imene inayenda ulendo wa tsiku lathunthu ikuyang'ana konkire, ndipo sindinadzuke kukafunsa ndalama zanga, poopa kuti anthu anganene kuti wa kukomboni wayamba kale zake. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Manyazi amenewa ogulitsa amawadziwa bwino, ndipo amawawerengera pamodzi ndi phindu lawo: adziwa kuti munthu wosauka, akalowa m'nyumba yowala, amayamba kudziona ngati mlendo woitanidwa mwachifundo, osati wogula amene walipira.

Atsibweni anabwerera kwawo Lachiwiri lotsatira. Tili pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, katundu atakwezedwa kale, ndinawapepesa, ndi kuwalonjeza kuti akadzabweranso kudzaonetsa maso kwa dokotala ndidzayamba ndafunsa pakhomo kuti andionetse mpando ndisanatulutse ndalama. Iwo anaseka, nati, "Usadandaule mphwanga, maso akuona bwino ndithu. Kumudzi akandifunsa zimene ndaona ku Lusaka, ndikawauza kuti nsanamira zake n'zosalala, ndipo ija inali ndi mng'alu umodzi wokha, chakumunsi."