Wakhudza, Yendetsa

Pa mpikisano wa maseŵera a chesi pali lamulo lolimba: kavalo kapena msilikali amene wamkhudza dala, uyenera kumuyendetsa, ngakhale utazindikira kuti potero mfumukazi yako igwidwa. Kubweza dzanja kulibe. Amon Simutowe wa ku Ndola, m'dziko la Zambia, amene mu 2009 adakhala Grandmaster woyamba kummwera kwa chipululu cha Sahara, adapambana pomvera lamulo lomweli.

Ana athu kuno ku Mulanje Mission amathamangira kuyankha asanamvetse funso. Zotsatira za mayeso zikatuluka, misozi. Aphunzitseni chesi kuti azoloŵere kuganiza dzanja lisanatambasuke. Iwe mnyamata wofuna kusiya sukulu kukathyola tiyi, nawenso mtsikana wothamangira banja, yambani mwaganiza: kuona maso a nkhono n'kudekha.