Mnyamata wa ku Jankburg ndi Magetsi a Broadway

Nate Foster ali ndi zaka 13. Ndi wamfupi, wojintcha pang'ono, ndipo kusukulu kwawo m'tauni yongopeka ya Jankburg, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, anyamata anzake amamunyoza tsiku ndi tsiku pomutcha maina achipongwe amene amatchulira amuna okonda amuna anzawo. Makolo ake atachokapo kwa masiku ochepa, Nate akuzemba pakhomo, kukwera basi ya ku New York, mothandizidwa ndi Libby, mnzake wa ponda apa nane mpondepo. Cholinga chake n'chimodzi: kukayesa mwayi pa mayeso osankhira ana odzasewera m'sewero la nyimbo ndi magule lochokera pa filimu ya E.T.

Umu ndi momwe likuyambira buku la Tim Federle lotchedwa Better Nate Than Ever, lomwe linatuluka mu 2013. Ndi buku loseketsa kwambiri, ndipo chaka chotsatira bungwe la American Library Association linalipatsa ulemu wa Stonewall, umene umapita kwa mabuku okamba bwino za moyo wa anthu okonda amuna kapena akazi anzawo. Komabe mabuku a mtundu uwu, momwe mwana wotere amathamangira kutchuka pa siteji uku owerenga akufa ndi phwete, amagawa anthu pawiri. Ena amati nthabwala zikuchiritsa bala lakale. Ena amati zikungoliphimba.

Oikira kumbuyo bukuli amayamba ndi mbiri. Mu 1969 John Donovan analemba I'll Get There. It Better Be Worth the Trip, lomwe ambiri amaliona ngati buku loyamba la achinyamata ku America kukhudza za chikondi cha anyamata awiri. M'nkhaniyo galu wa mnyamatayo akugundidwa ndi galimoto n'kufa, ndipo mnyamatayo akudziimba mlandu poganiza kuti tsokalo labwera chifukwa cha zimene anachita ndi mnzake. M'buku la Sandra Scoppettone la mu 1974, Trying Hard to Hear You, mmodzi wa anyamata okondanawo akufera pa ngozi ya galimoto. Kwa zaka zambiri, wachinyamata wofunafuna nkhani yofanana ndi yake m'laibulale ankapezamo maliro ndi chilango. Ngakhale Annie on My Mind la Nancy Garden, la mu 1982, lomwe linalola atsikana awiri kutsiriza nkhani ali ndi chiyembekezo, anthu ena analitentha poyera ku Kansas City mu 1993.

Munthu akadziwa mbiri imeneyi, kuseka kwa Nate kumamveka mwa mtundu wina. Federle akumupatsa mwanayu ufulu wolakwitsa zinthu, wosochera mumzinda, wochita manyazi pamaso pa osankha ochita zisudzo, popanda kumulipiritsa ndi moyo wake. Nate ndi Libby sagwiritsa ntchito mawu otukwana. Akapsa mtima amatchula maina a masewero a ku Broadway amene anagwa chagada pa msika. Owerenga amaseka limodzi ndi mwanayo, pamene anzake a ku Jankburg ankaseka iyeyo, ndipo kusiyana kumeneku ndiko mtima wa bukuli.

Mlembiyu sakuthamangira kumumata dzina mwanayo. Nate amanena yekha kuti za amene adzamukonde sanatsimikize, ndipo sakufuna kuti ena amusankhire. Chimene chikumugwedeza ku New York ndi kuona anyamata awiri akupsompsonana popanda wina wowamenya. Ndi kachigawo kakafupi, koma mwana amene wakula akumva kuti anthu otere ndi oyenera zibakera amakamvetsa msanga.

Federle akulemba zimene anaziona. Anakulira kufupi ndi Pittsburgh, anavina m'masewero a ku Broadway monga Gypsy ndi The Little Mermaid, kenako anagwira ntchito yophunzitsa magule ana osewera mu Billy Elliot. Mizere ya ana odikira mayeso, makolo okankhira ana awo patsogolo, akuluakulu oweruza mwana m'mphindi yochepa, zonsezi zili m'bukumu monga zilili.

Kwa akuluakulu, njira yomweyi anaidutsa Marc Acito ndi How I Paid for College, la mu 2004, lomwe linapata mphoto ya Oregon Book Award. Edward Zanni, wa zaka 17, wa ku New Jersey m'chaka cha 1983, amakopeka ndi atsikana komanso anyamata, ndipo akufuna kukaphunzira zisudzo ku sukulu ya Juilliard. Bambo ake, atakwatira mkazi wina, akukana kulipira fizi. Edward ndi anzake akuyamba chinyengo ndi kuba kuti ndalamazo zipezeke. Apanso vuto lalikulu la mnyamatayo ndi ndalama ndi maloto, ndipo amene amamukonda ndi mbali imodzi chabe ya umunthu wake.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo zolemera, ndipo si onse amene amadana ndi anthu ngati Nate. Ena mwa iwo ndi anthu otero amene. Dandaulo lawo loyamba n'lakuti nkhani zimenezi zimalimbikitsa maganizo akale akuti mnyamata wokonda amuna anzake amayenera kukhala woimba, wovina ndi woseketsa anthu. Nanga amene amakonda mpira, kapena kukonza magalimoto, kapena amene ndi wofatsa, wosafuna kuonekera? Iye sadzipeza m'masamba amenewa.

Dandaulo lachiwiri n'lozama kuposa loyambalo. Ngati Nate akupulumuka chifukwa ali ndi luso, uthenga wobisika ndi wakuti mwana wotere ayenera kugula chikondi cha anthu ndi mphatso yake. Akawomberedwa m'manja ndiye kuti walandiridwa. Mwana wopanda mawu okoma, amene sadzakwera siteji ngakhale tsiku limodzi, akutsala pomwepo ndi omuzunza ake. Ndipo mankhwala amene nkhaniyo ikupereka ndi kuthawa: kusiya kwanu, kupita kumzinda waukulu. Ana ambiri alibe ndalama ya basi, ndipo alibe wachibale woti akawalandire kumeneko.

Palinso nkhani ya ntchito ya zisudzoyo. Broadway yonse ili ndi nyumba zochitira zisudzo 41 zokha, pamene ofuna kulowamo amachokera m'dziko lonse la America ndi kunja komwe. Masewero ambiri amatsekedwa asanabweze ndalama zimene analowetsamo. Buku lomwe likupatsa mwana wa zaka 13 mwayi pa ulendo wake woyamba likhoza kuoneka ngati lonamiza. Pamenepa Federle ali ndi yankho m'bukumo, ndipo yankholo ndi azakhali ake a Nate, kunena molondola mchemwali wa amayi ake, a Heidi. Iwo anapita ku New York ndi loto lomwelo, anasemphana ndi abale awo, ndipo Nate akuwapeza akugwira ntchito m'malo odyera. Mwa a Heidi, owerenga akuona mmene ulendowu umathera kwa anthu ambiri.

Gulu lina la otsutsa ndi la makolo ndi aphunzitsi amene amaona kuti nkhani zotere zabwera msanga kwa ana a msinkhu uwu, ndipo amafuna kuti azizikamba okha ndi ana awo pa nthawi imene asankha. Federle wakhala akufotokoza kuti sukulu zina zinaletsa maulendo ake okacheza ndi ophunzira. Nkhawa ya kholo pa zimene mwana akuwerenga ndi yomveka. Koma wowerenga bukuli apeza kuti mulibe za kuchipinda ngakhale pang'ono, ndipo mawu achipongwe amene Nate amamva ndi omwewo amene ana a zaka 13 amaponyerana kale m'mabwalo a sukulu.

Mkanganowu unaonekeranso pamene Federle mwini wake anatsogolera kujambula filimu ya bukuli. Inatuluka pa Disney+ pa 1 Epulo 2022, patangopita masiku anayi bwanamkubwa wa Florida, Ron DeSantis, atasainira lamulo loletsa kuphunzitsa nkhani zimenezi m'makalasi a ana aang'ono. M'filimuyo, momwe Rueby Wood akusewera Nate ndipo Lisa Kudrow akusewera Heidi, za amene Nate angamukonde zimangoonetsedwa mwa zizindikiro. Ena anati uku n'kulemekeza msinkhu wa mwanayo, ena anati ndi mantha a kampani yosafuna kukhumudwitsa ogula.

Poyeza zonsezi, dandaulo lakuti kutchuka kwasanduka mtengo wogulira chikondi ndilo lolimba kwambiri, ndipo buku loyambalo palokha silikuliyankha mokwanira. Yankho likubwera pang'onopang'ono m'mabuku otsatira. Mu Five, Six, Seven, Nate! la mu 2014, lomwe linapata mphoto ya Lambda, Nate akulowa m'sewerolo ndi gawo laling'ono, komanso ngati wodikirira kulowa m'malo mwa wina akalephera. Mu Nate Expectations la mu 2018, sewerolo latsekedwa ndipo Nate wabwerera ku Jankburg kukayamba sekondale. Kumeneko akusonkhanitsa ana a pasukulupo, ambiri osadziwa chilichonse cha zisudzo, kuti asandutse buku la Charles Dickens, Great Expectations, kukhala sewero la nyimbo.

Buku lachitatuli ndi limene likuyenera kuwerengedwa pamodzi ndi loyambalo, makamaka ndi aphunzitsi ndi oyang'anira malaibulale amene amapatsa ana Better Nate Than Ever n'kulekera pomwepo. M'menemo Nate alibenso omuwombera m'manja a ku New York, ndipo ayenera kupeza malo ake pakati pa makolo ake ndi ana a m'tauni imene anaithawa ali ndi zaka 13.